Kuyenda mu Joni Uli pa Sukulu: Poyambira, Podutsa ndi Posamala

Ophunzira ambiri a kwathu amafika ku Johannesburg, kutha zaka zitatu kapena zinayi pa yunivesite ya Wits (Witwatersrand) kapena ya UJ (University of Johannesburg), n'kubwerera kumudzi akudziwa njira zitatu zokha: ya kukalasi, ya kokapemphera, ndi ya ku Park Station kokalandira katundu. Chimawamanga miyendo ndi mantha. Timabwera kuno makutu atadzaza kale nkhani za matsotsi, za mfuti, za alendo otentheredwa mashopu, ndipo nkhanizo si zopeka. Komabe zimandiwawa kuona Mmalawi akuchoka mumzinda uno osadziwa mmene agogo ake ankakhalira pamene ankakumba golide amene anamanga nyumba zosanja tikuzionazi. Malangizo awa ndi a inu abale amene mwangofika kumene, amene thumba lanu ndi la mwana wasukulu, ndipo mpata mumaupeza Loweruka ndi Lamulungu basi.

Mzindawu musauyende mwachisawawa. Mbiri yake ili ndi mutu ndi mchira, ndipo mukaitsata bwino, malo alionse amakutsegulirani maso pa malo otsatira: golide kaye, kenako komboni, ndende, malamulo atsankho, pomaliza Soweto.

Choyamba, imbani foni kumudzi

Imbirani agogo, amalume kapena azakhali, muwafunse ngati m'banja mwanu munali munthu amene anapita ku Wenela kapena ku Theba. Funsani dzina la mgodi, zaka zimene anakhalako, ndiponso ngati anabwerera kapena anachona. Lembani mayankhowo. Mukakaima m'malo amene nditchule m'munsimu, dzina limenelo lidzakuonetsani zinthu zimene mlendo wongodutsa sangazione.

Wenela linali bungwe la eni migodi, dzina lake lonse Witwatersrand Native Labour Association, ndipo ntchito yake inali kulemba amuna a m'maiko oyandikana kuti adzakumbe golide. Depoti ya mabasi ya Wenela ku Blantyre inatengera dzina pamenepo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya dziko lino anali oposa 100,000. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda analetsa zolemba anthu. Ntchitoyo inadzayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma chiwerengero sichinabwererenso pakale. Kamuzu yemweyo ali mnyamata anagwirapo ntchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg asanapite ku America mu 1925. Ndipo Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay wophunzira ku Livingstonia, anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, likulu lake n'kusamukira kuno ku Johannesburg mu 1925. Mapazi a kwathu anaponda kale m'misewu imene mukufuna kuyendayi.

Chachiwiri, konzani mapepala ndi chikwama

Jambulitsani fotokope ya tsamba la pasipoti lokhala ndi chithunzi chanu ndi tsamba la viza ya sukulu. Pitani nazo ku polisi yapafupi pamodzi ndi pasipoti yeniyeniyo kuti akadindepo chidindo chotsimikiza, salipiritsa. Mapepala odindidwawo muziyenda nawo nthawi zonse pamodzi ndi khadi la sukulu, ndipo mukhalenso ndi zithunzi zake mufoni. Khadi la sukulu lili ndi ntchito inanso: malo ambiri a mbiri yakale ali ndi mtengo wotsika wa ophunzira, koma wogulitsa matikiti sangakuuzeni ngati simunafunse. Onaninso pa intaneti masiku otsegulira usiku woti mawa lake mukupita, chifukwa ma myuziyamu ambiri satsegula Lolemba ndipo ena amatseka kwa kanthawi osalengeza mokwanira.

Foni ndi imene imagwetsa anthu ambiri m'mavuto. Musayende nayo m'manja, musaiike m'thumba la kumbuyo, ndipo mukafuna kuona mapu, lowani mushopu kaye. Mapuwo tsitsiranitu mufoni pa wifi ya pasukulu. Nambala ya mnzanu mmodzi ilembeni papepala. Apolisi mumawapeza pa 10111, ndipo 112 imagwira pa foni iliyonse ya m'manja. Wina akakuopsezani ndi mpeni kapena mfuti, mpatseni chimene akufuna. Foni imagulidwa ina.

Muziyenda anthu atatu kapena anayi. Mukachuluka kwambiri mumachedwetsana, mukakhala nokha mumaonekera. Nyamukani m'mawa, ndipo dzuwa lisanalowe mukhale mutabwerera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mdima umayamba cha m'ma hafu faifi.

Za nyengo musazipeputse. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kuposa boma la Dedza. M'nyengo yozizira m'mawa kumagwa chisanu choyeretsa udzu, masana dzuwa n'kuwala bwinobwino, choncho valani zoti mukhoza kuvula chimodzichimodzi. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi kumacha bwino, koma chakumadzulo mitambo imasonkhana mwadzidzidzi, n'kugwa mvula yamphezi, nthawi zina ya matalala. Zoyenda panja muzimalize isanakwane 3 koloko.

Pali nkhani ina yoti tinene mosabisa. Mu Meyi 2008 ziwawa zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ndipo zinabukanso mu 2015 ndi 2019. Masiku ambiri mudzayenda bwinobwino, anthu adzakulozerani njira mwaulemu. Koma muzimvetsera nkhani ndi mauthenga a m'magulu a Amalawi pa WhatsApp. Mukamva kuti m'tauni muli zionetsero zokhudza alendo, ulendo uimike, udzachitika sabata ina.

Chachitatu, phunzirani kukwera

Minibasi kuno amaitcha teksi, ndipo ndi yotchipa. Kusiyana kwake ndi ya kwathu n'kwakuti mulibe kondakitala woitanira kapena wotolera ndalama. Mumaimika ndi chala: chala cholozera m'mwamba ndiye kuti mukupita m'tauni, cholozera pansi ndiye kuti simukupita patali. Zizindikiro za madera ena funsani anzanu a m'kalasi, chifukwa ndi zambiri. Mukalowa, perekani moni. Anthu a mzere umodzi amasonkhetsa ndalama zawo pamodzi n'kuzipatsira kutsogolo, akunena kuti ndi za anthu angati. Amene wakhala pafupi ndi dalaivala ndi amene amawerenga ndalama zonse ndi kubweza chenji, choncho masiku oyamba musakhale mpando umenewo. Musatulutse R200 m'mawa. Konzeranitu ndalama zing'onozing'ono. Pofuna kutsika mumafuula "short left" kapena "after robot", mokweza ndithu, chifukwa wailesi imakhala ikulira.

Mabasi a Rea Vaya, amene anayamba mu 2009, ali ndi njira yawoyawo pakati pa msewu ndi masiteshoni otchingidwa, ndipo ndi amene ndimalimbikitsa popita ku Soweto. Amafuna khadi lawo, limene mumagula ndi kuthiramo ndalama pa siteshoni. Sitima ya Gautrain ndi yachangu ndi yaukhondo, imachoka pa Park Station kudutsa Rosebank ndi Sandton mpaka ku Pretoria, ndipo nthambi ina imapita ku bwalo la ndege la OR Tambo. Koma ndi yodula, sifika kum'mwera kumene kuli malo ambiri a mbiri, ndipo salola kudya kapena kumwa m'katimo.

Uber ndi Bolt zimatchipa mukagawana anthu anayi. Musanalowe, onani ngati nambala ya galimoto ikufanana ndi ya pafoni, ndipo musaitanire pakhomo penipeni pa siteshoni kapena pa renki ya mateksi, chifukwa pamakhala mikangano ya madalaivala. Ngati mantha akadali ochuluka, kwerani kamodzi basi yofiira ya City Sightseeing imene imanyamukira ku Rosebank. Ndi ndalama ndithu, koma mutakhala pamwamba pake mumaona mmene mzinda unayalidwira, ndipo ulendo wachiwiri mudzayenda nokha.

Loweruka loyamba: golide ndi komboni

Yambirani pa Gandhi Square, pamene pali chiboliboli cha Gandhi ali loya wachinyamata, n'kutsata Main Street kulowera kumadzulo. Msewu umenewu uli ndi alonda ambiri ndipo masana umayendeka bwino. Johannesburg ilibe mtsinje waukulu, ilibe nyanja, ilibe doko. Inamera pano chifukwa mu 1886 George Harrison anapeza mwala wa golide pa famu ya Langlaagte, ndipo pofika 1896 anthu anali atapitirira 100,000. M'mbali mwa Main Street anaikamo zida zakale za m'migodi: nsanja yachitsulo imene inkatsitsa ndi kukweza anthu m'dzenje, ndi chimakina chosinjira miyala. Imani pansi pa nsanjayo, muyang'ane magudumu ali pamwambawo. Pafupi pomwepo, pa Hollard Street, pali nyumba imene munali likulu la bungwe la eni migodi lomwe kale linkatchedwa Chamber of Mines. Wenela inali dzanja la bungwe limeneli, ndipo malipiro a agogo athu ankakambidwa m'maofesi amenewo.

Kumapeto kwa msewu, pa Fox Street moyang'anana ndi khoti la majisitireti, pali Chancellor House, kanyumba kosanja katatu kamene Nelson Mandela ndi Oliver Tambo anatsegulamo ofesi ya maloya mu 1952. Mbiri yake anaimata m'mawindo, mumawerenga muli panja, osalipira. Kuchoka pamenepo lowerani kumpoto kudzera Diagonal Street mpaka ku Newtown.

Ku Newtown ndi kumene ndikupempha kuti muchedweko. Pali Workers' Museum, malo ang'onoang'ono amene ambiri amangowadutsa. Inali komboni ya khonsolo ya mzinda, yomangidwa mu 1913, mmene munkagona amuna oposa 300 ogwira ntchito za ukhondo ndi za magetsi, ndipo inagwira ntchito mpaka zaka za m'ma 1980. Si komboni ya mgodi, koma kamangidwe kake ndi malamulo ake n'zofanana ndi za m'migodi. Lowani m'chipinda chogona. Mabedi ake ndi masimenti ogundana mzere umodzi, munthu aliyense kampata kake kongokwana thupi, pamwamba pake matabwa pogona anthu ena, pakati mbaula ya malasha. Ikani dzanja pa simentiyo mwezi wa Juni, mumve kuzizira kwake. Zimbudzi ndi mosambira zinalibe zitseko. Pali kachipinda kotsekeramo wolakwa. Akazi ndi ana sankaloledwa kulowa. Kutsogolo kwa mpanda womwewo kuli tinyumba ta mabanja a antchito achizungu, ta zipinda ndi khonde. Mapazi ochepa okha kuchoka pa simenti kufika pa khonde, ndipo dongosolo lonse la dziko lino lakale likuoneka pamenepo popanda wokufotokozerani.

Ngati agogo anu anabwerera akutsokomola, dziwani kuti fumbi la mwala wa golide limaumitsa mapapo, ndipo limatsegulira njira TB. Pali bungwe la Tshiamiso Trust limene linakhazikitsidwa makampani asanu ndi limodzi a migodi atagwirizana kupereka R5 biliyoni kwa anthu amene anadwala matenda amenewa atagwira ntchito m'migodi yawo pakati pa Malichi 1965 ndi Disembala 2019, kuphatikizapo ochokera ku Malawi ndi amasiye awo. Inu amene muli kuno ndi intaneti yaulere mukhoza kuthandiza abale kufufuza, ndipo kulembetsa sikufuna munthu wapakati wolipidwa.

Mukatuluka, dutsani pa Mary Fitzgerald Square, muone Market Theatre imene inatsegulidwa mu 1976 mumsika wakale wa zipatso, kenako muwoloke mlatho wa Nelson Mandela kubwerera ku Braamfontein. Pamlathopo sitima zimaoneka zitandanda pansi, koma foni ikhale m'chikwama.

Loweruka lachiwiri: ndende imene inasanduka khoti

Constitution Hill ili pa Kotze Street, pamalire a Braamfontein ndi Hillbrow. A ku Wits mukhoza kuyenda wapansi. Lipirani ulendo wokhala ndi wofotokozera, chifukwa makoma paokha sanena zonse.

Pali ndende zitatu. Old Fort inamangidwa m'nthawi ya Paul Kruger, pulezidenti wa Mabunu, m'zaka za m'ma 1890, ndipo inkasunga akaidi achizungu. Komabe Mandela anamusunga mmenemo mu 1962. Ndende ya amayi inasungapo Albertina Sisulu ndi Winnie Madikizela-Mandela mu 1958, atagwidwa pa zionetsero zokana ziphaso. Koma yolasa mtima ndi Number Four, ya amuna akuda, mmene munalowapo Gandhi ndi Robert Sobukwe, mtsogoleri wa chipani cha PAC. Ambiri a m'menemo sanali akuba kapena opha anthu. Mlandu wawo unali kupezeka m'tauni opanda chiphaso choyenera. Inu amene mukuyenda ndi fotokope yodindidwa m'thumba mudzaimva nkhaniyo mwapafupi. Mudzaona zipinda zimene ankapanikizamo anthu kuwirikiza chiwerengero choyenera, zimbudzi zoyang'anana ndi podyera, ndi chikwangwani chosonyeza kuti chakudya chinkagawidwa potengera khungu. Mudzamva za tausa, pamene akaidi ankavulidwa pabwalo n'kuwadumphitsa kuti alonda aone ngati abisa kanthu. Kumapeto kuli tizipinda ta mdima ta munthu mmodzi, zitseko zachitsulo zodzaza ndi mayina amene akaidi anakanda. Mudzaonanso zinthu zimene ankaumba ndi mabulangete Lamulungu, monga mipando ndi galimoto zankhondo, pofuna kukongoletsa chipinda.

Ndendeyi inatsekedwa mu 1983. Mu 2004 anatsegulapo khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo njerwa za nyumba yosungira akaidi oyembekezera mlandu anamangira khoma la chipinda choweruzira. Chizindikiro cha khotili ndi anthu ali pansi pa mtengo, monga bwalo la mfumu kwathu limakhalira pansi pa kachere, pamene aliyense amamva mlandu ndi makutu ake. Oweruza alipo 11, ndipo kutsogolo kwa mipando yawo anakutako zikopa za ng'ombe, chilichonse mawanga ake. Pali windo lalitali lopyapyala loonetsa miyendo yokha ya anthu odutsa panja, kuti woweruza asadziwe ngati ndi wolemera kapena wosauka. Khoti likamazenga mlandu, munthu wamba amaloledwa kulowa ndi kumvetsera. Ophunzira zamalamulo, musachoke kuno musanakhalepo tsiku limodzi.

Loweruka lachitatu: Apartheid Museum

Ili kum'mwera kwa tauni, ku Ormonde, ndipo inatsegulidwa mu 2001. Popita mudzaona milu ikuluikulu ya dothi lachikasu. Ndi zotsalira za miyala imene inasinjidwa pofuna golide. Patulani maola atatu kapena kuposerapo, ndipo mudye musanalowe.

Tikiti yanu imakuikani m'gulu la azungu kapena la osakhala azungu mwamwayi chabe, ndipo mumalowera khomo la gulu lanulo, kusiyana ndi anzanu kwa kanthawi. M'katimo nkhani imayambira pa golide, kudutsa 1948 pamene chipani cha National Party chinatenga boma, mpaka chisankho cha 1994. Muli chipinda chimene kudenga kwake kukulendewera zingwe 131 zonyongera anthu, kuimira amene anaphedwa pa milandu yandale. Muli galimoto yankhondo ya apolisi yotchedwa Casspir imene inkalowa m'malokeshoni. Pa zithunzi za Ernest Cole chedwanipo, makamaka cha amuna ovulidwa atandanda, manja m'mwamba, akuyezedwa asanalowe ntchito ya mgodi.

Ife Amalawi tili ndi mbali yathu m'nkhaniyi, ndipo ndi bwino kuidziwa mnzanu wa kuno asanakufunseni. Pamene Zambia ndi Tanzania zinkasunga omenyera ufulu, boma la Malawi linakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma latsankho mu 1967. John Vorster, nduna yaikulu ya South Africa, anabwera ku Malawi mu 1970, Kamuzu anadzacheza kuno mu 1971, ndipo ngongole yochokera ku South Africa inathandiza kumanga likulu la Lilongwe. Mukafunsidwa, musakane ndipo musapse mtima. Nenani zimene zinachitika, munenenso za amuna a kwathu amene anasiya mapapo awo pansi pa mzinda uno.

Pafupi pomwepo pali Gold Reef City, malo a masewera omangidwa pa mgodi wakale wa Crown Mines. Ine ndimati musaphatikize ziwirizi tsiku limodzi. Mtima umafuna mpata mukatuluka mu myuziyamu ija.

Loweruka lachinayi: Soweto

Njira yabwino koposa ndi kupempha mnzanu wa m'kalasi amene kwawo ndi ku Soweto kuti akuperekezeni, inu mumulipirire basi ndi nkhomaliro. Soweto ndi yaikulu, anthu ake ndi oposa miliyoni, ndipo ili ndi madera olemera ndi osauka omwe. Si malo okaonerera umphawi. Perekani moni kwa akuluakulu, "Sawubona baba", "Sawubona mama", ndipo musajambule munthu kapena nyumba yake musanapemphe.

Kwerani Rea Vaya mpaka ku Thokoza Park, muyambire pa tchalitchi cha Katolika cha Regina Mundi ku Rockville. Misonkhano yandale italetsedwa, anthu ankasonkhana mmenemo, ndipo mu 1976 apolisi anathamangitsira ana asukulu m'katimo n'kuwombera. Mabowo a zipolopolo akuonekabe, ndi ngodya ya guwa imene inathyoledwa. Ndi nyumba yopemphereramo mpaka lero, choncho valani ndi kuyankhula moyenera, ndipo siyani kangachepe m'bokosi.

Kuchoka apo pitani ku Orlando West, ku Hector Pieterson Museum. Pa 16 Juni 1976 ana asukulu zikwizikwi anaguba kukana lamulo lowakakamiza kuphunzira masamu ndi maphunziro ena m'chi Afrikaans. Ankafuna kukafika ku Orlando Stadium, koma apolisi anawatchingira njira n'kuwombera. Hector, mmodzi mwa ana amene anaphedwa tsikulo, anali ndi zaka 12. Chithunzi chimene Sam Nzima anajambula, Mbuyisa Makhubu atanyamula Hector, mlongo wake Antoinette akuthamanga pambali, chinazungulira dziko lonse lapansi. Mbuyisa anathawa m'dziko muno pambuyo pake ndipo sanabwererenso kwa abale ake. Mawindo a myuziyamuyi anawaika moti mukayang'ana panja mumaona malo enieni amene mukuwerenga nkhani yake. Pabwalo lam'kati pali timiyala tolembedwa mayina a ana amene anafa. Werenganiko mayina angapo mokweza pang'ono. Ambiri anali aang'ono kuposa inu.

Kuchokera pamenepo ndi ulendo waufupi wapansi kufika pa Vilakazi Street, msewu umene munakhala anthu awiri olandira mphotho ya Nobel ya mtendere, Mandela ndi Desmond Tutu. Nyumba ya Mandela ndi nambala 8115, kanyumba ka njerwa zofiira ka zipinda zinayi kamene analowamo mu 1946. Mphindi makumi atatu zikukwanirani. Malesitilanti a mumsewuwu mitengo yake ndi ya alendo okhala ndi madola. Lowani msewu wachiwiri kapena wachitatu, mufunse pogulitsa kota: buledi wodulidwa panayi, wobowoledwa pakati, wothiridwa tchipisi, poloni, atcha, tchizi ndi soseji. Imodzi imakhutitsa mpaka madzulo. Ofuna nsima, pitani pa shisa nyama, musankhe nyama yanu, akuwotchereni, mudye ndi pap ndi chakalaka. Pap wa kuno sapakula m'mitanda yosalala ngati kwathu, koma ufa wake ndi wa chimanga womwewo.

Nthawi ikalola, malizirani ku Kliptown, pa Walter Sisulu Square, pamene anthu pafupifupi 3,000 anavomereza chikalata cha mfundo za ufulu chotchedwa Freedom Charter pa 26 Juni 1955. Mfundo zake khumi zinalembedwa m'kansanja ka njerwa pakati pa bwalo. Mu 2024 bungwe la UNESCO linaika bwaloli, misewu ya Orlando West ndi Constitution Hill pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Pobwerera mudzaona nsanja ziwiri zopakidwa utoto za Orlando Towers, ndi bwalo la mpira la FNB looneka ngati chikho, mmene munachitikira masewera omaliza a World Cup ya 2010.

Zotsala, semesita ikamapita

A ku UJ Auckland Park muli pafupi ndi Sophiatown. Pa 9 Febuluwale 1955 apolisi anayamba kusamutsa anthu akuda kumeneko kupita ku Meadowlands, nyumba zawo n'kugwetsedwa, dera n'kupatsidwa dzina lakuti Triomf, mpaka dzina lakale linabwezeretsedwa mu 2006. Zina mwa zimene zatsala ndi tchalitchi cha Anglican cha Christ the King, kumene ankatumikira bambo Trevor Huddleston, ndi nyumba ya Dr A.B. Xuma, amene anakhalapo mtsogoleri wa chipani cha ANC. Ndi ulendo wa theka la tsiku.

Ku Fordsburg ndi ku Mayfair mudzamva Chichewa ndi Chiyao mumsewu, chifukwa abale athu ambiri amagwira ntchito m'mashopu ndi m'nyumba za kumeneko. Ndi kumene Asilamu amapeza mizikiti ndi chakudya cha halaal mosavuta, ndipo nsalu ndi mabulangete amatchipa ku Oriental Plaza. Mukakumana ndi achimwene kapena achemwali a kwathu, chezani nawo mwaulemu, osafunsa za mapepala awo. Amadziwa misewu ya mzinda uno kuposa mapu a pafoni, ndipo ndi amene angakuuzeni kopeza usipa ndi ufa woyera wobwera pa basi.

Pa Wits penipeni pali Origins Centre, yofotokoza za chiyambi cha anthu ndi zojambula za pamiyala za Asan, ndi Wits Art Museum imene kulowa kwake n'kwaulere. Izi zimatheka ngakhale pakati pa makalasi awiri.

Ulendo wa ku Cradle of Humankind usungireni tchuthi chapakati pa semesita. Malowa ali makilomita pafupifupi 50 kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, ndipo UNESCO inawazindikira mu 1999. Ku mapanga a Sterkfontein ndi kumene Robert Broom anapeza chigaza chotchedwa Mrs Ples mu 1947, cha zaka zoposa mamiliyoni awiri, ndipo ku Maropeng kuli nyumba yofotokozera zonsezi. Mateksi kumeneko ndi osadalirika, ndipo kupeza Uber yobwerera kumavuta. Gwirizanani ndi bungwe la ophunzira a ku Malawi pasukulu panu kapena ofesi ya ophunzira akunja, mubwereke minibasi imodzi ya tsiku lonse, aliyense apereke ndalama yake sabata isanakwane. Imbani kaye kuti mutsimikize ngati mapanga ali otsegula, chifukwa mvula ikachuluka amatsekedwa. Valani nsapato zotseka zosaterera, ndipo amene amabanika m'malo opanikizika auze wotsogolera musanatsike, popeza pali malo ena amene mumadutsa chowerama.